Kamlatho Kopanda Zitsulo

Nyumba yawo inali tsidya lina la ngalande ya kuseri kwa sukulu yathu, ndipo inali nyumba yoti ukalowamo mtima umakhala m'malo. Bambo wa pakhomopo anali mmisiri womanga, munthu wa mawu ochepa ndi zikhatho zokhakhala. Mayi ankasoka mayunifolomu pakhonde. Ana analipo awiri okha: mnyamata amene anali atangomaliza sekondale, ndi mzime wawo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu kamene ndinkakaphunzitsa ine m'kalasi yachitatu. M'mawa uliwonse asanabalalike ankapemphera ataimirira mozungulira tebulo, kamtsikanako katabereka kale chikwama kumsana.

Mnyamatayo tinkamutcha Injiniya. Dzinali linayamba ngati nthabwala, chifukwa ali wamng'ono ankalondola bambo ake kuntchito atapanira pensulo kukhutu. Mutu anali nawo, pamenepo sindingamunamizire. Kwa mlongo wake, padziko lonse panalibe munthu woposa achimwene.

Ngalande ndikunenayi inali yakuya kuposa msinkhu wa munthu wamkulu. Chilimwe inkadzaza mapepala apulasitiki ndi fungo, dzinja inkasanduka mtsinje. Ana a tsidya linalo ankawoloka pa matabwa awiri ovunda, ife aphunzitsi mitima ili m'mwamba. Ndiye khonsolo ya mzinda italengeza kuti ili ndi thandizo la ndalama la masukulu ndi magulu a m'madera ofuna kukonza malo awo, sitinachedwe. Ine ndinalemba kalata yopempha, Injiniya anajambula pulani ya kamlatho ka masilabu atatu a konkire, ndi mzere wa mitengo yogwira nthaka m'mbali mwa ngalandeyo. Yankho litabwera kuti tapambana, ahedi anavina mu ofesi ngati mwana.

Bambo ake anali ndi ntchito yomanga kutali, ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Choncho komiti ya sukulu inati Injiniya ndiye ayang'anire ntchitoyo. Lamulo la khonsolo linali lakuti pa gawo lililonse titumize zithunzi, ndipo woyendera adzabwera pamapeto.

Tsiku loti anyamuke, bamboyo anamuitanira mwana wake pakhonde, ine ndili pompo kudzatenga yunifolomu ya mdzukulu wanga.

"Tamvera, mwana wanga. Fosholo imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zitatu za miyala. Zitsulo uzimange ndi waya, usadumphe ngakhale chimodzi. Ukathira konkire uphimbe ndi masaka, uzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masabata atatu. Wamva?"

"Ababa, zimenezo ndinazidziwa ndili m'thewera."

"Kudziwa ndi kwina, kuchita ndi kwina. Pamenepo pazidutsa ana a anthu. Pazidutsanso mlongo wakoyu."

Kamtsikana kanali pafupi ndi makina osokera, kakutolera tinsalu. Kanamva zonse.

Zipangizo zinabwera pa lole ya dalaivala wina wamimba, woseka ndi aliyense, wa pakamwa potsekemera. Atatsitsa katundu anamuyang'ana Injiniya kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aise, injiniya wanji wa nsapato yoyasama chonchi? Simenti yonseyi ya timasilabu titatu? Ndipatse matumba angapo, ndili ndi wogula."

"Ayi, akulu, izi n'za sukulu."

"Za sukulu zitizo? Izi n'za khonsolo, zilibe mwini. Amene anasainira thandizoli ukuganiza amayenda wapansi ngati iwe? Uzingokhala choncho, anzako akudya."

Tsiku limenelo anakana. Tsiku lachitatu lole inatuluka pageti ndi matumba awiri pansi pa lona. Sabata isanathe Injiniya anali ndi nsapato zatsopano, kenako foni yatsopano, kenako anzake atsopano amene ankamudikira pa bala ya pamphambano dzuwa likadali pamutu.

Mayi ake anaimitsa makina tsiku lina n'kumufunsa kuti, "Nsapatozi wagula ndi chiyani?"

"A komiti anandipatsa kangachepe, Amayi."

"Nanga fungo likutuluka m'kamwamoli anakupatsanso ndi a komiti? Mwana wanga, ine sindinakulere ndi zakuba. Ngati wayamba kutola zosatola, bweza lero."

Anangoseka, n'kuwagwira paphewa, n'kutuluka. Mawu a mayi ake anapita ndi mphepo.

Chimene chinatsala chinali zitsulo, ndipo dalaivala uja ankaziyang'ana ngati galu pa bucha. "Zimenezi ndiye zili ndi ndalama," anatero. "Chitsulo chikalowa m'konkire amachionanso ndani? Zimange bwinobwino m'chikombole, ujambule, utumize kukhonsolo. Ukatero uzizule, ine ndibwera Loweruka kulibe ana. Ana asukulu amalemera bwanji ngati kuti pazidutsa lole?"

Anachitadi zomwezo. Zithunzi zinafika pa foni yanga Lachisanu, zitsulo zitalukidwa mokongola ngati mkeka. Ndinazitumiza kukhonsolo ndi mtima woyera, ndinalembanso mawu omuyamikira. Lolemba tinapeza konkire atathiridwa kale, masaka ataphimbidwa pamwamba. Sindinafunse kuti n'chifukwa chiyani anathira tsiku lopanda mboni. Funso limenelo limandiluma mpaka lero.

Zothirira madzi ndiye analibe nazo ntchito. M'mawa ankadzuka mutu ukuwawa, madzulo anali ku bala. Masaka anauma gwa. Amene anaona ndi mlongo wake.

"Achimwene, paja Ababa anati tizithirira kawiri pa tsiku."

"Ukathirire iweyo ngati ukufuna."

Ndipo kankathiriradi. Kanapeza kachigubu ka mafuta ophikira, n'kumatunga madzi pampopi wa sukulu belu lisanalire ndiponso tikaweruka. Kankayenda maulendo anayi, asanu, yunifolomu itanyowa kutsogolo konse. Anzake akakaseka kankayankha monyada kuti, "Ndi mlatho wa achimwene anga." Masabata atatu athunthu sikanaphonye tsiku.

Bambo ake atabwera anapita kukaona ntchito ya mwana wawo masilabu ataikidwa kale pa ngalande. Anagogoda ndi nyundo, n'kutchera khutu. Anagogodanso. Anakanda m'mphepete ndi msomali, mchenga n'kuyoyoka.

"Simenti yachepa muno. Nanga zitsulo zilimo?"

"Zilimo, Ababa. Onani chithunzi ichi."

Bamboyo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana wake m'maso. Mwanayo sanaphethire. "Ngati zitsulo zilimo, chigwira," anatero bamboyo, n'kubweza nyundo m'thumba.

Woyendera wa khonsolo anabwera ndi shati yosita bwino. Anaima m'mphepete, anayerekeza ndi zithunzi za m'faelo yake, anawerenga mbande za mitengo, n'kusaina. Ana anaimba nyimbo, makolo anaomba m'manja, ahedi analonjeza kuti chaka chamawa tipemphanso za mabini a zinyalala ndi zimbudzi. Woyamba kuwoloka anali mzime uja, atagwira dzanja la achimwene ake.

Mvula yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa. Yachitatu inagwa Lachinayi kuyambira m'mawa, n'kukata nthawi yoweruka. Ngalande inali itadzaza mpaka m'milomo, madzi ofiira akukokolola zinyalala ndi nthambi. Ana, mwa chibwana chawo, anaunjikana pakati pa kamlatho kuonerera madziwo. Ine ndinali pakhomo la kalasi ndikutseka mawindo. Ndinangomva phokoso losakweza n'komwe, ngati mbale yadothi yagwa pansi, kenako kukuwa.

Silabu ya pakati inali itathyoka pawiri. Anagwera m'madzi ana atatu. Awiri anawavuula amuna amene ankakonza njinga pafupi. Wachitatu anamupeza madzulo, kumunsi, pamene ngalande imalowa pansi pa msewu waukulu, chikwama chikadali kumsana.

Anthu anakamuitana Injiniya ku bala. Anafika akuthamanga, nsapato zija zitadzaza matope, akufunsa aliyense kuti, "Ndi mwana wa ndani? Ndi mwana wa ndani?" Anthu ankangomupatukira, mpaka anaona mayi ake atakhala pansi m'matope, atafungatira kamtsikanako ngati akukagoneka.

Bambo ake anafika m'mawa mwake. Asanalowe m'nyumba ya maliro anapita kungalande, ife tikuwatsatira chapatali. Anatsikira pa chidutswa cha silabu chimene chinatsakamira m'mphepete, anayang'ana pothyokapo, anapapasa ndi zala. Munalibe ngakhale kawaya. Anabenthula kachidutswa n'kukafinya m'dzanja, ndipo kanafumbutuka ngati dothi louma. Anatembenukira mwana wake.

"Khutu langa linandiuza kuti mulibe chitsulo muno. Ndinasiya khutu langa n'kukhulupirira iwe."

Sanamumenye, sanakuwe. Injiniya anagwada m'matope momwemo akulira kuti, "Ababa, ndipheni ine," koma bamboyo anali atayamba kale kukwera mtunda.

Apolisi anabwera maliro atangoikidwa. Dalaivala uja anakana kuti sakumudziwa n'komwe: "Ine ndimangonyamula katundu, bwana, za konkire ndizidziwira kuti?" Anzake a ku bala anasowa ngati sanabadwe. Khonsolo inaimitsa thandizo ku dera lathu lonse, moti gulu la amayi amene ankafuna kukonza malo otayira zinyalala kumsika, ndi sukulu ina ya m'deralo imene inkafuna mitengo ya mthunzi, onse anabwezedwa chimanjamanja chifukwa cha tchimo la munthu mmodzi. Makina osokera pakhonde paja anakhala chete chaka chonse. Kamlatho katsopano anamanga bambo ake a Injiniya ndi manja awo, makolo atasonkha zipangizo, ndipo chitsulo chilichonse anachimanga pamaso pa anthu.

Injiniya anatuluka kundende patapita zaka zinayi, ataonda, dzina lija palibenso amene ankalitchula. Anapita kutchalitchi, anaima kutsogolo, n'kuulula zonse popanda kubisa kapena kuloza wina chala. Makolo ake anamulandira m'nyumba. Mulungu amakhululuka, ndipo ndikhulupirira kuti anamukhululukira. Koma patebulo paja m'mawa amaima atatu.

Tsiku lina anandipeza m'kalasi ana atapita. Anakhala pa kabenchi kakang'ono, maondo ali m'mwamba, n'kuyang'ana malo amene mlongo wake ankakhala.

"Aphunzitsi, kundende sindinkalota madzi aja ayi. Ndinkalota kachigubu. Ndinkamuona ndili pa bala, akudutsa nako, akupepesuka. Ndinkadziwa kuti mulibe chitsulo, kuti akuthirira mchenga. Masabata atatu, Aphunzitsi. Tsiku lililonse ndikanatha kumuitana n'kumuuza. Ndinkangotembenuza mpando kuti ndisamuone."

Tinangolira tonse awiri.

Ana anga, inu amene mukuwerenga izi, ndikukuchenjezani mosabisa. Musadzamvere munthu wokuuzani kuti chinthu cha anthu onse chilibe mwini. Thandizo limene khonsolo imapereka ku sukulu kapena ku dera lanu lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi ana amene adzapondepo. Mukhoza kunamiza mphunzitsi ndi chithunzi, mukhoza kunamiza woyendera, mukhoza kunamiza ngakhale bambo anu okubalani, koma chimene mwaba chimasiya mpata, ndipo tsiku lina wina adzagweramo. Simudzasankha inu kuti akhale ndani.

Kachigubu kaja mayi ake anakasunga. Kali pakhonde, pansi pa makina osokera, ndipo mnyamatayo amakadutsa tsiku lililonse akamatuluka ndi akamalowa.