Mawu a Mkazi pa Chimbale cha Spencer

Emmy Chibesa anakumana ndi tsoka lake pa siteji ya mabasi a ku Chelstone, Lachiwiri lina m'chaka cha 1976, ndipo tsokalo linali litavala buluku lotambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zidendene.

Masiku amenewo basi unkaidikira mpaka kuiwala komwe ukupita. Emmy anali ataweruka ku ofesi ya boma ku Longacres komwe ankatayipa makalata, ndiye ali pamzerepo anayamba kung'ung'udza nyimbo yomwe kwaya ya kutchalitchi kwawo inkaphunzira. Sanadziwe kuti kumbuyo kwake wina watchera khutu.

"Ba sisi, pepani. Imbaninso paja mwatsitsa mawu paja."

Emmy anacheuka, namuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi, n'kumuuza kuti sayimbira anthu osawadziwa. Mnyamatayo anati vuto limenelo n'laling'ono. Dzina lake anali Spencer Kampamba, kwawo ku Mufulira, ankakhala m'mafulati a ku Kabwata, masana ankagulitsa matayala, madzulo ankayimba gitala pa hotela ina m'tauni. Basi itabwera anakwera nawo.

Munthu wa ku Kabwata kukwera basi ya ku Chelstone! Mtsikana aliyense akanadziwa kuti pali cholinga. Emmy naye anadziwa, kungoti anaganiza kuti cholingacho ndi iyeyo.

Timakalata tinayamba sabata yomweyo. Ankatipeza pamalo olandirira alendo ku ofesi kwake, topindidwa kanayi.

"Kanjiwa kanga, dzulo sin'nadye. Mawu ako ananikhutitsa. S."

"Shuga wanga, nayesa kukuiwala kuyambira eyiti koloko mpaka teni. Nalephela. S."

Emmy ankawerenga, n'kunena kuti zachibwana, n'kutibisa m'kati mwa chikwama. Pa nthawi yopuma masana ankakumana pa Cairo Road n'kugawana botolo limodzi la zakumwa pansi pa mtengo. Kufulati kwa Spencer sanapiteko. Mwana wa mkulu wa mpingo sapita kunyumba ya mnyamata, komanso Spencer anati mumadzaza asuweni ake a ku Luapula, ogona mpaka m'khitchini.

Spencer anali ndi loto, ndipo polifotokoza ankaiwala ngakhale kumwa. Boma linali litalamula kuti wailesi iziyimba kwambiri nyimbo za kwathu, motero mbale za nyimbo za ku Amereka zija, zoyenda pang'onopang'ono, zomwe anthu ankavina atagwirana, zinayamba kusowa. Anyamata a magitala m'tauni ankangokuwa ndi kuliza zingwe mpaka makutu kuwawa. Ena ankakopera rumba ya ku Zaire. Spencer ankafuna nyimbo zofatsa ngati za ku Amerekazo, koma za m'Chinyanja ndi m'Chibemba, mwamuna akudandaula, mkazi akumuyankha. Nyimbo anali nazo zisanu ndi zitatu. Chomwe chinkasowa ndi mkazi woyankhayo.

Vuto linali tsiku. Situdiyo inali imodzi yokha yomwe akanaikwanitsa, ndipo m'kati mwa sabata munkadzaza makwaya a chipani ndi otsatsa malonda. Mwini wake ankawatsegulira Loweruka m'mawa basi. Tsono Emmy anali wa mpingo wa Sabata. Bambo ake, a Phineas Chibesa, anali mkulu wa mpingo ku Chelstone, munthu woti dzuwa likalowa Lachisanu ngakhale wailesi m'nyumba ankaifunditsa nsalu.

Spencer atamupempha kuti akhale mkazi woyankhayo, Emmy anakana. Anakananso. Ulendo wachitatu Spencer sanapemphe n'komwe, anangomugwira chala chaching'ono n'kunena kuti palibe kanthu, nyimbozo aziwotcha, chifukwa popanda iye n'zopanda mchere. Kodi mtima wa mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri ungapirire zotere?

Masabata asanu ndi awiri otsatizana, Emmy anatsanzika kunyumba kuti akukathandiza kakwaya kena kongoyamba kumene ku Kabwata. Ankavala bulauzi yoyera, buku la nyimbo m'manja, n'kukatsikira pa khomo la situdiyo. Mawu ake a kutchalitchi aja, ozama, osathamanga, atalowa pansi pa mawu a Spencer, woliza ng'oma anasiya kuliza n'kumangoyang'ana.

Chinthu chimodzi chokha anapempha: dzina lake lisalembedwe pa chikuto. Spencer anayika dzanja pachifuwa.

"Dzina lako nizalisunga mu mtima, kanjiwa. Siku yamene uzaniuza kuti manje ndine mfulu, nizalilemba na malemba akulu. Siku yamene iyo nizatuma bakulu banga kwa ba tate bako."

Lonjezo limenelo Emmy analitenga monga linaliri, osachotsapo kanthu.

Chimbalecho anachitcha "Mvula ya ku Kabwata". Pa chikuto panali Spencer yekha atatsamira khoma, ndipo pansi m'timalemba ting'onoting'ono: "Mawu a mkazi: mnzanga wa pamtima."

Zomwe zinachitika pambuyo pake ngakhale Spencer sanaziyembekezere. Mbale zoyamba zinatha m'masabata atatu. Ukwati uliwonse, kuyambira ku Chelstone mpaka ku dera la Roma, unkatsegula gule ndi nyimbo yachitatu. Mabwana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, omwe kale ankati Chinyanja n'cholankhulira ndi wa m'dimba, anayamba kuyika chimbalecho pamwamba pa mbale zawo za kunja alendo akabwera. Anyamata anasiya kuvutika ndi dikishonale polemba makalata achikondi, poti anazindikira kuti "ndakusowa" amalasa bwino kuposa Chingerezi chobwereka. Magulu oyimba a ku Kitwe ndi ku Ndola anachepetsa phokoso n'kuyamba kusakasaka atsikana m'makwaya.

Ndipo aliyense ankafunsa funso limodzi: mkaziyo ndani? Ena ankati ndi namwino. Ena ankati ndi wa ku Zaire. Atsikana anzake a Emmy ku ofesi ankakangana za nkhaniyi pamutu pake penipeni, iye akusintha riboni ya makina.

Timakalata tija tinayamba kuchepa. Spencer anasiya za matayala, ndipo ankakhalitsa ku Copperbelt. Atakumana tsiku lina masana, anaoneka wotopa. Anati anthu akufuna kumuona mkaziyo ndi maso, a kanema akumuvutitsa, koma madansi onse amakhala Lachisanu madzulo ndi Loweruka. "Manje ine nichite bwanji, shuga wanga?" Anafunsa akuyang'ana kumbali.

Emmy anamva chisoni, ndipo anadziimba mlandu. Anaona kuti mwamunayu akuvutika chifukwa cha mantha a iyeyo. Akanakhala ndi mnzake womuuza, mwina mnzakeyo akanamulangiza kuti ayambe waona akuluakulu a mnyamatayo atakhala pa mpando m'nyumba ya bambo ake. Koma chinsinsi chimenechi chinamusiya wopanda mnzake.

Lamlungu m'mawa, Spencer ali ku Copperbelt, Emmy anapeza bambo ake akuthirira repu kuseri kwa nyumba. Anagwada pa dothi lonyowalo n'kuulula zonse. A Phineas sanasiye kuthirira mpaka mzere unatha.

"Masabata angati?"

"Asanu ndi awiri, ba tate."

"Ndi buku la nyimbo m'manja?"

Emmy anangogwedeza mutu.

A Phineas sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Poti anali mkulu wa mpingo, nkhani ya mwana wawo anaitengera okha ku komiti, monga akanachitira ndi mwana wa wina aliyense. Sabata lotsatira dzina la Emmy linawerengedwa pamaso pa mpingo wonse, kuti waimitsidwa m'kwaya kwa chaka. Anakhala pa benchi yakumbuyo, amayi akumuba ndi maso, malo ake a m'kwaya atayimapo wina. Zinamupweteka kwambiri, koma pansi pa ululuwo anali wokondwa. Anali mfulu tsopano.

Madzulo ake bambo ake anamuuza chinthu chimodzi chokha, kuti ngati mnyamatayo ali woona atume anthu ake msanga, manyaziwa akhale ndi pothera.

Emmy sanamulembere Spencer. Ankafuna kukamuuza pamaso kuti aone nkhope yake. Atamva kuti wabwerako, Lolemba poweruka anakwera basi ya ku Kabwata, nafunsa ana osewera mpira pabwalo, ndipo anamulozera fulati ya pamwamba.

Anatsegula chitseko ndi mayi wamtali, wa wigi, chitenje chomangidwa pamwamba pa mimba yooneka kale.

"Mwabwela kuli ba Spencer? Baenda kugula buledi. Ngenani, musaope. Ndine Winifred, mkazi wawo."

Emmy analowa chifukwa miyendo inalowa. Asuweni a ku Luapula munalibe. Munali mipando ya sofa, nsalu zoluka pamanja, ndi chithunzi cha ukwati pakhoma chomwe chinali chitayamba kale kufuwa. Patebulo panali mulu wa zikuto zatsopano, za mbale zomwe anadindanso. Spencer sanalinso yekha pa khoma lija. Winifred anali atatsamira paphewa pake, ndipo pansi, m'malemba akuluakulu: "Mawu a mkazi: Winifred Kampamba."

Winifred anali munthu wochezeka, wosasunga mawu. Anaganiza kuti mlendoyu ndi mmodzi mwa atsikana okonda nyimbo omwe ankabwera kudzapempha siginecha. Anamuthirira tiyi. Emmy, ndi mawu omwe sanawazindikire kuti ndi ake, anati amayimba bwino.

Winifred anaseka mpaka kugwira mimba. "Ine? Nikaimba, nkhuku zithawa! Pa kanema bazaika chabe mbale, ine niziyendetsa milomo. Musauze munthu, ka."

Anapitiriza yekha osafunsidwa. Anati anayimbadi ndi kamtsikana kena ka tchalitchi, kamantha, komwe sikankafuna kudziwika. Anati ba Spencer anavutika nako miyezi itatu kukanyengerera, timakalata tsiku ndi tsiku, mpaka mawu anawathera, ndipo tina mwa timakalatato ankachita kuwauza ndi iye Winifred ali pa mbaula akuphika. Anati iye sanachite nsanje ngakhale pang'ono, poti inali ntchito.

Emmy anayika kapu pansi mosamala kwambiri kuti isagwe.

Spencer analowa ndi buledi m'khwapa. Anaima pakhomo kanthawi kochepa chabe, kenaka anamwetulira.

"Aa, sisita Emmy. Muli shani?"

Sisita! Anauza mkazi wake kuti ndi wa ku ofesi ina ya boma, wabwera ndi za mapepala, ndipo amuperekeza. Anatsika masitepe limodzi. Pokhotera, pomwe panalibe anthu, Emmy anaima.

"Nauza ba tate. Dzina langa baliwelenga mu tchalitchi. Banichotsa mu kwaya." Anamuyang'ana m'maso. "Ninabwela kukuuza kuti ndine mfulu."

Spencer anakanda m'mutu. Anati pepa. Anati akanamuuza kaye asanachite zimenezo. Anati zikuto zadindidwa kale zikwi zisanu, ndipo dzina silingafufutidwe ndi labala. Za Winifred anati ndi nkhani yaitali, ya makolo, yomwe adzamufotokozera bwino tsiku lina. Emmy ankangomuyang'ana, akudikira kuti mwina pena pake pamveka mawu a munthu yemwe anamudziwa pa Cairo Road.

Kenaka nkhope ya Spencer inawala, ngati munthu amene wakumbukira nkhani yabwino.

"Koma kanjiwa, ngati Sabata siikuvuta futi, ni bwino maningi. Loweluka lino tiyamba chimbale chachiwili. Ungabwele naini koloko?"

Emmy sanamutukwane, sanamumenye, ngakhale kulira sanalire. Anatsika masitepe otsalawo. Basi ya m'tauni inachedwa, ya ku Chelstone inachedwanso, ndipo njira yonse ankangoganiza za chinthu chimodzi, kuti akafika akanena chiyani.

Anafika mdima utagwa kale. A Phineas anali atakhala pa benchi ya pakhonde. Kuyambira tsiku la kudimba lija anali asanamuyang'ane m'maso, koma lero anamuyang'ana. Anamuuza kuti alembera kale mchimwene wawo wamkulu wokhala ku dera la Roma kuti adzakhalepo polandira alendo, ndipo mipando abwereka kwa aneba.

"Nanga wati abwera liti anthu ake?"

Emmy anaima pa sitepe ya khonde, chikwama chili m'manja.

"Sabwela, ba tate. Ali na mkazi."

A Phineas anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa malaya. Atawavalanso, anasendera kumapeto kwa benchi kuti mwana wawo apeze pokhala.