Tenti Youluka ya Dolika

Ackim analowa m'shopu yomwe Dolika ankagulitsamo ku Chipata atatchena ngati akupita kukafunsira mbeta. Anayang'ana matenti, kenako anayang'ana Dolika, maso n'kukanirira pomwepo.

"Sisi, yolimba ndi iti apa?"

"Yobiriwirayi. Ndi yodula, koma zikhomo zake n'zachitsulo chenicheni. Yachikasuyi ndi yotchipa, zikhomo zake ngati waya woyanikira zovala."

"Ndipatseni yobiriwirayo, andituma abwana. Mundipatsenso nambala yanu, imeneyo ndadzituma ndekha."

Abale, pakamwa pa mwamuna uyu panali uchi! Dolika, amene anyamata a ku Kapata ankamutcha wamakani, anangosungunuka. Mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Duwa langa, wadya kale?"

"Mtima wanga, chaka chino sichitha ndisanakaonekere kwa amalume ako. Ndalumbira!"

Mwezi wa Ogasiti utafika, kwaya ya Dolika inakonzeka kupita ku msonkhano wa misasa wa tchalitchi ku Kasenengwa. Dolika anapempha tenti, Ackim n'kumugulira yachikasu ija.

"Wokondedwa, tenti ndi tenti basi. Zodulazi n'za anthu odzionetsera. Ife tisungire ukwati wathu. Ine sabata imeneyo ndikhala ku Lusaka pantchito, koma mtima ndikusiyira."

Dolika ankaidziwa bwino tentiyo. Koma mwamuna akatchula ukwati, ndani amakumbukira za zikhomo?

Tsiku la ulendo, abusa anasintha maganizo. Kwaya ipite ku misasa ya ku Chipangali, kumene oimba anaperewera. Dolika anaimbira Ackim kuti amuuze, koma foni inali yozima.

Ku misasa kuli mwambo wake: atsikana amamanga mzere wawo, mabanja mzere wawo, pakati n'kudutsa chingwe. Dolika anakhoma tenti yake monyada, akuuza aliyense kuti ndi mphatso ya chibwenzi.

Masana, akuyeserera nyimbo pansi pa mtengo, kamvuluvulu anatulukira m'munda wa mtedza. Zikhomo zija zinazuka zonse, tenti n'kunyamuka!

"Isiye, Dolika, yapita imeneyo!" anzake anakuwa akuseka.

"Mphatso ya Ackim ipite ine ndikuona? Zosatheka!"

Anamanga chitenje n'kuliyatsa liwiro. Analumpha chingwe chija, anagubuduza ndowa ya eni, fumbi lili m'maso. Tenti inagudubuka mzere wonse wa mabanja mpaka inakakodwa pa tenti yobiriwira, yoima nji ngati nyumba ya njerwa.

Pakhomo pake panakhala Ackim, mwana ali pamiyendo, mphete ikung'anima pachala. Pambali pake mayi wina ankamuthirira tiyi.

Lusaka yake ndi imeneyi? Abwana aja ndi amenewa? Dolika anamva mtima ukung'ambika.

"Atate ake Sipho, nyamukani mumuthandize mlongoyu!" anatero mayiyo mwachifundo. "Pepani sisi, zotchipazi n'chomwechi. Amuna angawa amati munthu amene umamukonda sungamugoneke m'pepala."

Ackim anadzidzimuka, tiyi n'kutayikira pa buluku.

Misozi inalengeza m'maso mwa Dolika, koma anaimeza. Kulira alira, inde, koma osati pamaso pa munthu ameneyu! Anamasula tenti yake, anaipindapinda, n'kuiika pamapazi pa Ackim.

"Amanena zoona, mayi," anatero mawu asakunjenjemera. "Iyi anandigulira ndi iwowa. Anati tisungire ukwati wathu."

Mayi uja anaika ketulo pansi pang'onopang'ono, n'kutenga mwana pamiyendo pa mwamuna wake.

"Dolika, dikira, ndifotokoze!" anakuwa Ackim.

Dolika sanacheuke. Anadutsa pansi pa chingwe, anafika kwa anzake, misozi tsopano ili chuchuchu.

"Nanga ugona pati, mnzanga?" anafunsa mmodzi.

"Ndibwerekeni chikwakwa," anayankha akupukuta nkhope ndi chitenje. "Udzu ulipo wambiri kudambo uko. Msasa wanga ndimanga ndekha, ndipo mawa nyimbo yoyamba nditsogolera ndine."