Chigayo cha Pachitunda

Yakobe anabwera ku Lukwa kuchokera ku Phalombe kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya. Zaka zinapita, iye ndi mkazi wake Dorica akugonabe m'kachisakasa kodontha. Chimene chinkamuwawa mtima chinali chinyumba cha pachitunda chomwe mwini woyamba wa esitetiyo anamanga kalekale: njerwa zootcha, khonde lozungulira mbali zonse, mizati ya mlombwa. Kumbuyo kwake kunali chigayo cha dizilo chomwe chinasiya kugaya zaka zambiri zapitazo, malata atachita dzimbiri. Malowo anali pa malonda, koma wogula panalibe.

Tsiku lina anapalasa njinga kupita kwa a Mwavi, sing'anga wa kufupi ndi Chisemphere.

"Nyumbayo ikhala yanu," anatero a Mwavi akusenda chinangwa, osamuyang'ana. "Koma chigayo chakale sichidzuka ndi mafuta okha. Chimafuna mpweya wa munthu. Muli ndi ana?"

"Mmodzi yekha. Feliya."

"Mumamukonda?"

Yakobe anazyolika.

"Ndiye zili bwino. Wosakondedwa sagwira ntchito. Mukakwirire tsitsi lake pansi pa injini, pamodzi ndi kanyanga aka."

"Afa?"

"Ayi. Bola chigayo chikadzayamba, chisadzakhale tsiku osagaya."

Yakobe anamumeta yekha mwanayo pansi pa mtengo wa mango, Feliya akuseka kuti lumo likuzizira. Usiku womwewo anakakwirira tsitsilo ndi kanyanga kaja pansi pa injini.

Chaka chimenecho Yakobe anabwereka munda wakewake, ndipo fodya wake anagulidwa modabwitsa ku okushoni. Chaka chotsatira zinateronso. Anagula nyumba ya pachitunda, nakhoma malata atsopano. Injini yomwe amakaniko anailephera inalira atangoipukusa kamodzi. Ngolo za chimanga zinayamba kubwera kuchokera m'midzi yakutali.

Feliya anali mwana wolongolola, wokonda sukulu. Anayamba kuiwala mayina a anzake. Kenako anaiwala njira ya kusukulu, kenako anasiya kuyankhula. Ankakhala pakhomo pa chigayo tsiku lonse, mutu uli mbuu ndi ufa, thupi likugwedezeka motsatira injini. Kuchipatala sanapeze matenda.

"Bambo a Feliya," anatero Dorica, "mwanayu amadya pokhapokha injini ikamalira. Munachita chiyani?"

Yakobe anangotuluka panja.

Kenako dizilo anasowa m'dziko. Yakobe anazungulira Mtunthama mpaka pa boma ndi zigubu, akugwadira madalaivala a mathiraki. Anabwerera chimanjamanja. Tsikulo chigayo sichinalire.

Dzuwa litapendeka Yakobe anapeza Feliya atagona pamiyendo ya mayi ake pakhonde. Maso a mwanayo anali atayera ngati kale. Anawazindikira bambo ake.

"Ababa," anatero motsitsa, "ndatopa kukankha chigayo. Ndipumeko?"

Mwanayo anatseka maso, osadzatsegulanso.

Maliro atatha, Dorica anamanga kamtolo kake n'kubwerera ku Phalombe, osatenga ngakhale supuni ya m'nyumbamo. Anthu anasiya kubwera kudzagayitsa. Lero chiswe chadya mizati ya khonde, denga lagwa mbali imodzi. Yakobe akadali komweko, ndevu zili nyankhalala, zovala zili sanza. Amatola mchenga n'kuthira m'chigayo, n'kumauza odutsa kuti aziyenda mwakachetechete, mwana wake akupuma.

Umphawi umapweteka, koma Yakobe ali wosauka anali ndi mwana womusekera. Chuma cha zizimba chimalipiridwa ndi munthu amene umamukonda koposa, ndipo wadyera amazindikira zimenezi atatsala yekha.