Misa ya Pazenera

Tsiku limene a Bizwick anatsitsa dishi padenga la apongozi awo, anali atavala tayi. Mkazi wawo Olivia akuchokera kumjigo anawapeza ali pamakwerero, sipanala ili m'manja, tayiyo ikupepeluka ndi mphepo.

"Bambo a Lisa, mukutani pamwambapo?"

"Ndikuchotsa umbuli," anayankha osacheuka. "Dziko linapita kale patsogolo, madamu. Anthu masiku ano ali pa sitirimingi. Zonse zimabwera laivi pa intaneti, osati pa chimbale chadzimbiri ngati ichi."

"Chimbalecho ndi cha malemu bambo anga. Katundu wawo sanagawidwe, inu mukudziwa. Atsibweni ananena kuti pasasunthe ngakhale singano mpaka timange chiliza."

"Atsibweni anuwo akudziwa chiyani za tekinoloje?"

A Bizwick anali kalaliki wa pasikelo ku esiteti ya tiyi. Ntchito yawo inali kukoloweka masamba pambedza, kuyang'ana nambala ndi kuidinda m'kamakina. Koma akamaifotokoza kumudzi, munthu unkaganiza kuti iwo atangojomba tsiku limodzi, Mangalande yonse ingamwe madzi otentha opanda kanthu. Pamudzipo anali mkamwini wa zaka khumi ndi chimodzi. Kanyumba kawo kanali kuseri, ndipo magetsi anali m'nyumba yaikulu mokha, ya mayi Namakhwa, amayi ake a Olivia.

Dishiyo bambo Namakhwa anaigula atapuma ukapitawo, ndipo anaigulira mkazi wawo. Miyendo ya mayiwo inathera m'mapiri a tiyi ali ndi dengu kumsana, moti mtunda wa kutchalitchi unali utawakanika. Choncho Lamulungu lililonse Misa inkawapeza pampando, kolona ili m'manja. Amuna awo atamwalira miyezi isanu yapitayo, chinthu chokha chimene ankachiyembekezera pa sabata chinali chimenecho.

Madzulo ake a Bizwick anakhoma pakhoma kanema watsopano, wamkulu, wopyapyala ngati chitseko cha kabati. Wakale uja anamulowetsa kunsi kwa bedi. Chithunzi chinali chokongoladi, zimenezo Olivia sanakane. Vuto linaoneka a Bizwick atatuluka kupita kuchimbudzi. Anthu a m'kanemamo anauma pakamwa pali yasa, ndipo pakati panayamba kuzungulira kamkombero ngati galu wofuna pogona.

"Wafa kale?" anafunsa Olivia amuna ake atabwerera.

"Sanafe. Amayamwa intaneti mufoni mwangamu. Foni ikatalikira, amadikira mwini wake."

"Ndiye Lamulungu muziwasiyira amayi foniyo."

A Bizwick anamuyang'ana ngati wawapempha chiwindi. "Foni iyi? Muli zinsinsi za kampani umu, madamu. Ndiziwayatsira ndekha Misa yawoyo. Ndadzipereka."

Apa ndi pamene Olivia anagona tulo. Ankadziwa bwino kuti amayi ake ndi a mwambo wakale, woti mpongozi sakhala chipinda chimodzi ndi mkamwini. Zaka zonsezi awiriwo akakumana panjira, wina ankapatukira m'tiyi. Mawu awo ankadzera mwa Olivia ngati kalata. Iye anangoganiza kuti amuna ake aziyatsa Misa n'kukakhala pakhonde, poti intaneti ya mufoni imadutsa khoma. Lamulungu lililonse ankalawirira kukwaya mtima uli m'malo, ndipo akabwera masana ankafunsa, "Misa inali bwanji, amayi?"

"Inali bwino, mwanangu."

Mwezi wa Juni utalowa, mayi Namakhwa anayamba kutsokomola. Chifuwa chake chinali chouma, chokoka kuchokera pansi. Olivia anawaphikira mandimu ndi jinja, n'kumatukwana nyengo.

Lamulungu lachisanu ndi chiwiri kunacha ndi chiperoni, nkhungu ija yamvula yowaza imene imabisa minda ya tiyi mpaka munthu osaona phazi lake. Olivia atafika pamlatho anakumbukira kuti waiwala nsalu ya kwaya, ndipo anabwerera. Atakhota pa nthochi za pakhomo anaima chilili.

Amayi ake anali atagwada pakhonde, pansi pa zenera, pathumba la feteleza. Duku lawo linali litanyowa mpaka kudontha. Zenera linali lotsegula pang'ono, ndipo mkatimo munkamveka mawu a wansembe akukweza Ukaristia. Belu linalira. Mayiwo anaweramitsa mutu. Asanaudzutse, wansembe anadukira pakati pa mawu, m'malo mwake munabuka chimkokomo cha anthu a m'bwalo la mpira ndi munthu wokuwa m'Chingerezi.

Mayi Namakhwa anakhalabe chiweramire.

"Amayi!" Olivia anathamanga n'kuwagwira phewa. Linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje. "Mukutani panja pano?"

Mayiwo anadzidzimuka, n'kuyamba kukonza duku ngati agwidwa akuba. "Usakweze mawu. Amuna ako amatero akatopa. Pakapita kanthawi amabweza."

"Kuyambira liti mukukhala pano?"

"Nanga ndikanalowa bwanji iwo ali momwemo? Akuti netiweki imagwira pampando wa bambo ako pokha."

Olivia anakankha chitseko mpaka chinamenya khoma. A Bizwick anali ndi vesiti yokha, atakhala pampando wa malemu, mapazi ali patebulo. Makoko a nthochi anali mbwee pansalu imene mayi Namakhwa analuka ndi manja awo. Chala china chinali m'mphuno.

"Aa, madamu, kwaya yatha kale?"

"Amayi anga ali panja."

"Afuna okha. Ine ndinawauza kudzera pazenera kuti zoopana apongozi zinatha, alowe tizionera limodzi ngati anthu otukuka."

"Inu mukanatuluka bwanji?"

"Kunja kukuzizira."

Olivia anawayang'ana. Anayang'ana mapazi otuwawo, zikhadabo zake zachikasu, ndi mimba imene iye mwini anaikulitsa ndi chakudya cha m'munda mwa amayi ake.

"Dishi ya bambo anga ili kuti?"

"Ndinaisunga pabwino."

"Pati?"

A Bizwick anayamba kufufuza china chake pa rimoti. Olivia anatuluka n'kuyang'ana m'nkhokwe, m'khitchini ndi kuseri kwa bafa. Anakaipeza m'khola la nkhumba za amuna ake. Inali chagada m'matope, muli madeya osasa, ndipo nkhumba yaikazi inali itaponda miyendo iwiri momwemo ikudya motafuna mokweza. M'mphepete munali ndowe. Olivia anagwira mtengo wa khola n'kusanza tiyi yense wam'mawa. Atapukuta pakamwa anaimbira foni atsibweni ake.

A Amosi, mlongo wawo wa mayi Namakhwa ndiponso mwini mbumba, anali kamunthu kochepa thupi, mlimi wa tiyi wa ekala imodzi, wolankhula ngati mawu akuwachotsa m'thumba limodzilimodzi. Anafika masana, anakayang'ana m'kholamo nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuitanitsa mkamwini. A Bizwick anabwera atavala jekete.

"A kalaliki," anayamba a Amosi, "ndimati ndifunse. Nkhumbazi zikugwira matchanelo angati?"

"Atsibweni, tisachite nthabwala. Chinthu chija chinatha ntchito. Ine ndabweretsa chitukuko pakhomo pano."

"Chitukukocho ndachimva. Chikutsokomola m'nyumbamo." A Amosi anakanda chibwano. "Malemu aja anakulandirani ndi kachikwama kamodzi. Munda anakupatsani, malo a nyumba anakupatsani. Lero dothi la pamanda pawo lisanaphwe, mbale yawo mwadyetsera nkhumba, mkazi wawo mwamutulutsa panja. Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Wanu wafika patebulo."

"Ine sindinatulutse munthu!" A Bizwick anadzuka. "Mwambo wanu wachikalewu ndi umene wawatulutsa. Ngati zamakono simukuzifuna, nenani. Ndinyamula kanema wanga ndizipita kwathu ku Khwethemule, tione amene alire."

Ananena izi akuyang'ana Olivia, poti nthawi zonse akaopseza chonchi iye ndi amene ankagwada. Misozi inali ikutsikadi m'masaya mwake. Anaganiza za Lisa, mwana wawo wa sitandade 5, ndi za amayi a kumjigo amene mawa lomwe adzakhale akunong'onezana. Anaganizanso za thumba la feteleza lija.

"Chingwe chake chili kuseri kwa kabati," anatero Olivia. "Musachiiwale."

A Bizwick anatembenuka. Analowa m'nyumba, anazula kanema, anamukulunga m'bulangete, n'kumenyetsa chitseko. Wa kabaza anakana katunduyo poopa matope. Anthu anawaona akutsetsereka m'njira ya m'tiyi atasenza chitukuko pamutu.

Mayi Namakhwa ndi amene analira kwambiri. "Mwanangu, banja silitha chifukwa cha nkhalamba. Ine ndinali nditazolowera. Kawaitane."

"Mukanafera pakhonde lanu lomwe, amayi, n'kumati mwazolowera?"

"Nanga mwamuna ukamupeza kuti wina?"

"M'kholamo muli nkhumba yaimuna. Kadyedwe n'kamodzi."

Analankhula molimba, koma sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Lisa akafunsa za bambo ake, Olivia ankatulukira panja. Nkhani zinkamupeza zokha kudzera mwa amayi othyola tiyi. Ankati ku Khwethemule a kalaliki apeza kuti m'nyumba ya amayi awo mukukhala mlongo wawo ndi mwamuna wake, ndipo iwo akugona m'khitchini. Magetsi kulibe. Kanema uja amuimika kukhoma, nkhuku zikugonapo. Kusikelo akubwera kolala ili yakuda, ndipo akasokoneza nambala amayi akumawafunsa ngati ndi vuto la netiweki.

Patatha masabata awiri, Loweruka, a Bizwick anatulukira ndi nkhoswe yawo, kanema ali pamutu pa nkhosweyo. A Amosi anamvetsera kupepesa konse akusenda nzimbe, kenako analoza Olivia. "Mwini nkhani ndi uyu."

"Mayi a Lisa," anatero a Bizwick maso ali pansi, "ndinalakwa. Ndiganizireni."

Olivia anawayang'ana. Anali ataonda, ndevu zitamera mwa apo ndi apo. Chisoni chinabwera, koma nseru inali isanachoke.

"Dishi ikadali m'khola momwe munaisiya," anatero. "Muitulutse ndi manja anu, muitsuke ndi sopo ndi mchenga, mawa m'mawa ibwerere padenga. Kanema wa bambo anga abwerere pamalo pake. Wanuyo akakhale kunyumba kwathu kuseriko, mudzaonera mukadzakoka magetsi anu. Ndipo pampando uja musadzakhalenso."

"Nanga mpira?"

"A kalaliki," anatero a Amosi, "basi ya ku Khwethemule sinapite."

A Bizwick anavula nsapato n'kulowa m'khola. Atamaliza kutsuka anakagwada panja pa chitseko cha apongozi awo n'kupepesa, Olivia akulowetsa mawuwo mkati ngakhale kuti mayiwo ankawamva okha. Yankho linatuluka lalifupi: "Auze ndamva."

Kutacha chiperoni chinabweranso. Olivia sanapite kukwaya. Dishi ikachoka pamalo, kuibwezeretsa kumafuna anthu awiri: wina padenga wopotoza pang'onopang'ono, wina mkati woyang'ana kanema. Mkati munali mayi Namakhwa pampando wa amuna awo, atafunda bulangete. Olivia anaima pakhomo kuti azinyamula mawu.

"Yabwera?" anakuwa a Bizwick ali pamwamba.

"Akuti mchenga wokhawokha! Kumanja!"

"Pano?"

"Mwapitirira! Bwererani!"

Anavutika choncho mpaka madzi anayamba kutsika m'kolala mwawo. Kenako kanema wakaleyo anaphethira kawiri, ndipo guwa linaoneka bwinobwino, makandulo akuyaka, kwaya ikuimba nyimbo yolowera.

"Yagwira, amayi," anatero Olivia. "Ndiwauze amange mabawuti atsike?"

Mayi Namakhwa anatulutsa kolona m'thumba n'kuiwongola pamwendo mosafulumira.

"Akayamba kumanga igwedezeka, ndiphonya mawerengo. Auze agwire pomwepo, asasunthe. Amanga Misa ikatha."

Olivia anasuzumira pa kanema. Kutsogolo kwa guwa kunali mzere wa amayi obereka makanda ovala zoyera, wautali mpaka kukhomo la tchalitchi.

"Amayi, lerotu kuli ubatizo."

"Ndauona."

Olivia anatuluka, anayang'ana kudenga kumene amuna ake anali atakumbatira dishi mano akugundana, ndipo anaika manja kukamwa.

"Bambo a Lisa! Akuti mwagwira bwino kwambiri! Musasunthe!"