Msonkho wa pa Mlatho

Simioni Kachigamba anachoka pa esiteti ya fodya ya pamwamba pa phiri la Chowe nthawi itadutsa kale teni koloko usiku, chigubu cha galoni imodzi chili m'manja. Sikuti anachedwa ndi mowa ayi, ngakhale kuti mowa ankadziwana nawo bwino. Anachedwa chifukwa munthu amene anamugulitsa petuloyo anayenera kudikira kaye kuti bwana wake azime nyali, agalu agone, ndiye alowetse payipi m'thanki ya Landirova n'kuyamwa. Petulo wa mtundu umenewo sagulitsidwa dzuwa likuona.

Chaka chimenecho petulo anakwera katatu. Wailesi inati nkhondo ya kwa anzathu yatseka njanji, kenaka inati pali msonkho watsopano, n'kumaliza ndi kutithokoza tonse chifukwa cha kumvetsa kwathu. Kumvetsako tinamvetsadi, nanga ukanadandaulira kuti? Munthu ukafuna kutsegula pakamwa pamalo omwetsera mafuta, unkayamba wacheuka kuona ngati palibe wachipani wa malaya ofiira kumbuyo kwako. Ndiye madalaivala ankadandaula ndi manja. Ena ankathira palafini m'thanki, galimoto n'kumatsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe. Ena anakweza galimoto pa njerwa, nkhuku n'kumaikira mazira pa mpando wa bwana. Koma ambiri anaphunzira kuzima injini akafika pa mtsetse, galimoto n'kumatsika yokha, chodalira ndi mabuleki ndi Mulungu basi.

Simioni anali wa ku Ntcheu. Ku Mangochi anali atakhalako zaka ziwiri zokha, akuyendetsa kapikapu kakale konyamula nsomba ndi anthu. Nyumba yake inali patsinde pa phiri, ndipo kapikapuko kanali katagona pakhomo masabata awiri, thanki ili gwa. Zikanakhala nsomba zokha sakanakwera phiri. Koma mkazi wake, Jestina, anali wodwala pakati, ndipo ku sikelo anali atamuuza kuti mwana wagona mopingasa; matenda akangoyamba, athamangire ku chipatala chachikulu ku Boma, asayerekeze kuchirira pakhomo. Masana a tsiku limenelo Jestina anayamba kugwira m'chiuno. Simioni anamusiya m'manja mwa mayi Abiba, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nawo, amene anangomuuza mawu awiri: asachedwe, ndipo asayende yekha.

Onsewo anawaphwanya.

Galimoto yomukweza panalibe. Ndani angawononge mafuta usiku chaka ngati chimenecho? Anayamba kutsika wapansi, petulo akulira m'chigubu, khutcha, khutcha, khutcha. Phokoso limenelo linkamukoma kuposa nyimbo iliyonse. Galoni imodzi inali yokwana kufika ku Boma, n'kutsalako pang'ono.

Chimodzi chokha chinkamuvuta m'mutu, ndicho kamlatho.

Pakati pa mtsetsewo, msewu ukangokhota kwambiri, pali kamlatho kakang'ono, pansi pake phompho. Kuseri kwa chipilala chake kunkakhala chigubu chachitsulo chadzimbiri, chotsekedwa bwino. Dalaivala aliyense wa njira imeneyo akafika apo ankaima, n'kuthiramo petulo wodzaza kachitsekero ka botolo. Ashehe analetsa, abusa analetsa, koma Lachisanu ndi Lamlungu zikadutsa anthu ankathirabe. Simioni atangofika kumene anafunsa kuti n'chiyani, anzake anangoti ndi msonkho, alamu, ingothirani. Kufotokoza zambiri palibe ankafuna. Anathira kamodzi kuwasangalatsa, kenaka anasiya. Ankati msonkho amadula ndi boma lokha, poti ilo lili ndi apolisi.

Tsono masabata awiri apitawo, petulo atakwera kachitatu, kapikapu kake kanazimira pa mlatho pomwepo. Simioni anayang'ana uku ndi uku. Anatsegula chigubu chija, napeza chatsala pang'ono kudzaza. Munthu wanzeru angasiye mafuta akuwola m'tchire? Anakhuthulira onse m'thanki mwake, n'kufika kunyumba akuimba mluzu.

Usiku uwu mluzu sunkatuluka.

Mwezi unali wachigamphu, ukuwala ngati nyali yotha mafuta. Mitengo inatsekera msewu mbali zonse. Anadutsa pokhota poyamba, pokhota pachiwiri. Anyani amene amasokosa m'phirimo anali zii. Khutcha, khutcha, khutcha.

Ndiye anamva china.

Gong'o... gong'o... gong'o...

Chinali ngati chigubu chopanda kanthu chikugunda pa bondo la munthu. Simioni anaima. Phokoso lija linaimanso. Anayenda. Linayambanso. Anadziuza kuti ndi thanthwe likubweza mawu. Koma chigubu chake chinali chodzaza, nanga thanthwe lingabweze mawu a chigubu chopanda kanthu?

Kenaka fungo. Matayala opserera.

"Salaamu aleikumu, adalaivala."

Simioni anadumpha! Munthu anali pambali pake penipeni, phewa ndi phewa, ngati anayambira limodzi ulendowo. Anali wamtali, atavala ovolosi ndi kofia yoyera. Nkhope sinkaoneka bwino. M'dzanja lamanja anali ndi chigubu chachitsulo, chogwirira chake cha waya wofiira.

Simioni anayankha moni. Kenaka mtima unatsikako. Munthu wa chigubu usiku, chaka chimenecho, anali m'bale wa aliyense. Anamufunsa ngati nayenso mafuta amuthera, n'kuyesa kaseka pang'ono, amvekere masiku ano galimoto ndi imene ikukwera munthu.

Mlendoyo sanaseke.

"Ndinangozima injini pang'ono," anatero. "Kusungako mafuta."

Simioni anati aliyense akutero. Anafunsa kumene galimoto yake ili.

"Pansi apo. Ikundidikira."

Anayenda limodzi. Gong'o, gong'o. Khutcha, khutcha. Simioni anazindikira kuti akumva mapazi a munthu mmodzi yekha, ake omwe. Anayang'ana pansi. Mlendoyo anali ndi nsapato ndithu, zikuponda miyala. Koma miyalayo sinkalira.

"Panatsala kachitsekero kamodzi kuti chidzaze," mlendo uja anatero, osamuyang'ana. "Zaka zonsezi, kachitsekero, kachitsekero. Ndiye wina anadzakhuthula."

 Simioni anafuna kunena kuti iye ndi mlendo kuno, za m'dera lino sazidziwa.  M'malo mwake anafulumiza mapazi. Mlendo anali pomwepo. Anachepetsa. Pomwepo.

Ndipo dzanja lake linayamba kupepuka.

Poyamba anaganiza kuti dzanja lachita dzanzi. Anasinthira kumanzere. Ayi ndithu, chigubu chinali chikupepuka. Anakhudza chitsekero. Chothina. Anapapasa pansi pake. Pouma. Palibe dontho. Koma khutcha uja anali akuchepa... akuchepa...

Gong'o naye anali atasiya.

Tsopano chigubu cha mlendo ndicho chinkalira. Khutcha. Khutcha.

Simioni anakumbatira chigubu chake pachifuwa ngati khanda. Sizinathandize. Anamva petulo akutsika m'kati, ngati wina akuyamwa ndi payipi yosaoneka. Mlatho unali patsogolo apo, zipilala zake zili mbuu.  Anagwada pamsewu, munthu amene ngakhale m'tchalitchi ankagwada bondo limodzi.

"Achimwene, ndinalakwa, ndine ndinatenga," anatero. "Ndidzabweza kawiri, katatu. Koma lero lokha ndisiyireniko. Mkazi wanga ali pakati pa moyo ndi imfa, mwana wagona mopingasa. Ndikapanda kufika naye ku Boma, ndiika anthu awiri."

Mlendo anaima. Kwa nthawi yoyamba anatembenuka.

Mbali imodzi ya nkhope inali ya munthu. Inayo... Simioni anatseka maso.

"Wanganso akudikira," mawu aja anatero. "Ndinamuuza kuti sindichedwa."

Atatsegula maso, munthu uja anali kuseri kwa chipilala, akutsikira ku phompho. Potsetsereka potero, popanda pogwira, iye ankangoyenda chilili. Kofia yoyera inamira mu mdima.

Zii.

Kenaka pansi pa phompho, pamene palibe msewu, palibe njira ngakhale ya mbuzi, injini inayamba kukoka. Inakoka. Inatsokomola. Inakokanso... n'kulira!

Simioni sanadikire kuona nyali. Anathamanga. Anagwa, anadzuka, nsapato imodzi inatsala. Chigubu sanachitaye. Anafika pakhomo tambala woyamba asanalire, mawondo ali magazi okhaokha.

Jestina anali pamphasa, akuluma chitenje. Mayi Abiba sanafunse kumene anachedwa. Anangoti kadzanja ka mwana kayamba kuoneka, nthawi yatha. Simioni anapendeketsa chigubu pa thanki. Munatuluka petulo wosadzaza ngakhale botolo la Fanta. Anagwedeza. Madontho atatu. Basi.

  Simioni anayala matiresi kumbuyo, anamugoneka Jestina, mayi Abiba n'kukhala pambali pake atatsamira kebini, nkhope yayang'ana kumene akuchokera. Kapikapu kanalira.

Kuchokera patsinde pa phiri kukafika ku Shire ndi chigwa chokhachokha, mtsetse palibe woti munthu n'kuzimirapo injini. Simioni anayendetsa ngati wanyamula mazira, phazi likungokhudza pang'ono. Anadutsa midzi iwiri. Pa wachitatu injini inatsokomola. Anaipempha, anaitchula mayina onse okoma amene sanamutchulepo ngakhale Jestina. Inatsokomolanso, n'kuzima.

Galimoto inayenda pang'ono yokha. Inaima.

Kumbuyo Jestina anabuula, mawu atachepa kale. Nyumba zonse zinali mdima. Njinga panalibe, ngolo panalibe. Simioni anagwetsa mutu pa chiwongolero.

Ndiye kalilole anawala.

Nyali ziwiri, zachikasu, kutali kumbuyo. Zikubwera. Lole. Simioni anatulutsa dzanja pawindo kuti aimitse. Lole sinachepetse. Inakula... inakula... Fungo lija linalowa m'kebini. Matayala opserera!

Anadikira kugundidwa.

Kunangomveka kakugunda kofewa, ngati ng'ombe ikukhudza mwana wake ndi mphuno. Kapikapu kanasuntha. Kanayamba kuyenda. Injini yozima, giya ili pakati, koma mitengo ikudutsa. Simioni anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Pa kalilole sanayang'anenso. Anawongola basi. Minda inadutsa, migwalangwa inadutsa, mzikiti unadutsa. Matayala analira pa mlatho wa Shire. Wapolisi wa pa mlathopo anali atagona pa benchi, sanadzuke n'komwe.

Pa geti la chipatala kukankha kuja kunaleka. Kapikapu kanalowa kokha, n'kukaima pafupi ndi khomo.

Simioni anatsika. Kumbuyo kunalibe lole. Msewu unali mbee, ndipo kutali mwazini wa pa mzikiti anali atayamba kuitana anthu ku swala, mapemphero a m'bandakucha.

Anamwino anamutenga Jestina pa machira. Simioni anakhala pakhonde, phazi limodzi lopanda nsapato. Dzuwa litatuluka, namwino wina anabwera n'kunena kuti Jestina amung'amba, mwana ndi wamkazi, ali moyo. Mayi wake wataya magazi ambiri koma akupuma. Akanachedwa theka la ola, akanakamba zina.

Apo m'pamene anakumbukira mayi Abiba. Anawapeza akadali kumbuyo kwa pikapu, pamalo pomwe paja, atayang'ana ku geti. Anawauza za mwana. Anagwedeza mutu koma maso sanachotse ku geti. Simioni anayamba kufotokoza za m'phiri, mawu akudukaduka: za chigubu chimene anakhuthula, za munthu wa ovolosi ndi kofia yoyera.

"Chogwirira cha waya wofiira," mayi Abiba anatero.

Simioni anali asanatchule zimenezo.

"Wayayo ndinamanga ndine. Inu munali kutsogolo, a Kachigamba, simunaone. Ine ndayang'anizana nawo njira yonse, kuchokera pamene munaima mpaka pano. Aja ndi che Jaffalie, amuna anga."

Anakonza mpango wawo.

"Chaka chimene petulo anayamba kukwera, ine ndinali ngati Jestina, mwana atagona chimodzimodzi. Iwo anali ku Namwera ndi lole, mafuta ochepa. Anazima injini pa Chowe kuti otsalawo atifikitse kuno. Lole ija ukazima injini mabuleki sagwira. Inapsa pansi pa mlatho paja, iwo ali m'kati. Ine ndinadikira mpaka kucha. Mwana sanakhale moyo."

Simioni anafunsa kuti zinachitika liti, ngakhale kuti yankho sankalifuna.

"Zaka zisanu ndi ziwiri mwezi wa mawa. Tinawaika ku Malindi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Anzawo aja ankathira kachitsekero kokha, poopa kuti chikadzadza adzanyamuka. Inu mwawapatsa galoni yonse."

Kenaka mayi Abiba anafunsa motsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amva.

"Lero afika ku chipatala. Nanga mawa usiku, mafuta akadali m'thanki, mukuganiza kuti akagogoda pakhomo pa yani?"