Njinga Yofuna Mtsetse

M'nyumba ya wophika buledi munalibe chosowa. Bambo anali wa manja akuluakulu ndi mawu ochepa. Mayi ankayimba nyimbo zakutchalitchi uku akupaka mafuta m'mathini. Mwana wawo wamkazi ankagulitsa pawindo, ndipo wamwamuna ankaperekera buledi pa njinga yakapalasa. Asanayatse uvuni ankayamba agwada kaye. Nyumbayo inali kumunsi kwa tauni, mu msewu wamchenga, wathyathyathya ngati tebulo.

Mnyamatayo ankamutcha Kavuluvulu, chifukwa mpando uliwonse unkamuluma. Akakhala pansi, mwendo uli gwedegwede. Akamadya, maso ali kugeti. Ngakhale popemphera, ameni wake ankafika anzake akadali pakati.

Bambo ankadwala matenda othamanga magazi, ndipo dokotala anawaletsa kukanda ufa ndi manja. N'chifukwa chake anagula makina okandira, komanso kajenereta kofiira koyendetsa makinawo magetsi akazima. Ankakapukuta ngati khanda. Banja lonse linkadalira sukulu ina yogonera komweko, imene inkafuna buledi m'mawa uliwonse, kaya magetsi alipo kaya kulibe.

Tsiku lina Kavuluvulu akukankha njinga yake pachitunda, thukuta lili kamukamu, anaiona. Inaima panja pa bala ya pamwamba pa chitundacho. Inali kanjinga kamoto kakang'ono, kamaonekedwe akalekale ngati ka pa zithunzi za agogo: thanki yoyera ngati mkaka, nyali yozungulira ngati diso la kadzidzi, mpando wachikopa wautali, masipoko ali waliwali.

Mwini wake, amenenso anali mwini bala, anatuluka akutokosa m'mano. Anthu ankamutcha Ajekete, chifukwa jekete yachikopa sinkachoka m'thupi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Mphwanga, usaiyang'anitsitse choncho, ichita manyazi. Kwera."

"Ndilibe kanthu m'thumba, achimwene."

"Ndani wafunsa za m'thumba? Kulawa n'kwaulere. Ingoisiya itsetsereke, ulowetse giya yachiwiri, usiye kilatchi. Odziwa njinga amatero. Kuponda kiki n'kwa anthu osaphunzira."

Kavuluvulu anachitadi zomwezo, ndipo njinga inalira, thu-thu-thu! Mphepo inamulowa m'malaya. Atsikana apasitolo, amene masiku onse ankamufunsa mtengo wa buledi basi, anatembenuka kumuyang'ana iyeyo. Sanafunse chifukwa chake injini inali yofunda kale. Sanafunse chifukwa chake njingayo anaiimika itayang'ana kumtsetse. Munthu akakopeka, mafunso amathawira m'mapazi.

Pa chakudya anayambitsa nkhani.

"Bambo, ndi njinga yamoto buledi angamafike akadali wotentha."

"Yatsopano?"

"Yakale pang'ono, koma yokongola."

"Njinga yakale imafuna munthu wa sipanala ndi mtima wodekha," anatero bambo. "Iwe uli ndi chiti pa ziwirizi?"

Mlongo wa Kavuluvulu anaseka mpaka kutsamwa. "Ameneyu? Batani la malaya ake lomwe limadikira ine."

"Mwanawe," anatero mayi, "nkhuyu imakoma kunja, nyerere zili m'kati. Dikira. Chako sichithawa."

Koma kudikira ndiye kunali matenda ake. Mawa lake anali pachitunda. Mkuja anali pachitunda. Ankangoisisita thanki ija ngati ng'ombe ya malonda.

"Pali mkulu wina akubwera kudzaitenga," anatero Ajekete akuyasamula. "Koma ine mtima wanga uli pa iwe. Paja kwanu ndimamva kajenereta kakulira? Kuno magetsi akazima mowa umatentha, makasitomala amanditukwana."

"Ndi ka bambo kaja."

"Za bambo ndi za ndani mawa? Ukungotenga msanga zako zomwe. Kapena uzipalasabe mpaka ndevu zichite imvi."

Lamlungu Kavuluvulu anadzuka atamanga mutu ndi thaulo. Anabuula bwino kwambiri moti mayi anamusiyira mankhwala ndi madzi pambali pa bedi. Onse atapita kutchalitchi, anathyola loko wa kachipinda ka jenereta ndi hamala, nakweza jenereta m'bokosi la buledi, naifunditsa matumba a ufa. Pofika masana anali atabwerera pabedi, thaulo lili kumutu, kiyi wa njinga ali m'sokosi.

Bambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana pamene pankakhala jenereta. Panangotsala kadontho ka oyilo.

"Mulungu awakhululukire," anatero.

"Koma akuba ake ndi aulemu," anatero mlongo wake wa Kavuluvulu akumuyang'ana mnyamatayo m'maso. "Kuthyola loko, kenako kutseka geti bwinobwino. Galu osauwa. Wodwala osamva kanthu."

"Mutu, achemwali. Ndinali ngati wakufa."

Njinga sakanapita nayo kwawo, choncho inkagona kuseri kwa bala. Ndipo sipanatenge nthawi kuti adziwe chimene anagula. Pamtsetse inkalira ngati mkango. Ikangozima pamalo athyathyathya, basi, yafa. Ankaponda kiki mpaka nsapato kung'ambika, iyo n'kungotsokomola kamodzi ngati nkhalamba yonyoza.

"Achimwene, mwandigulitsa mtembo!"

"Iwe, unakwera wekha. Inalira kapena sinalire?"

"Inalira pamtsetse."

"Ndiye uziyenda motsetsereka. Dziko lino mitsetse ndi yambiri."

Kuibweza pachitunda kunkafuna okankha, ndipo okankha ake anali zidakwa zapabala pomwepo. Malipiro awo anali botolo.

"Bwana wa njinga, mugule n'kumangotiyang'ana? Tingatsamwe. Imwaniko pang'ono, thukuta libwerere m'thupi."

Anamwa pang'ono. Mawa lake pang'ono paja panakula. Magetsi akazima ankamva jenereta ya bambo ake ikulira kuseri, ikuziziritsa mowa umene iye ankagula, ndipo ankaitanitsa lina kuti asaimve. Buledi anayamba kufika mochedwa. Kunyumba sankakhalitsa, kubala sankakhazikika, panjinga ankaopa kuima. Galimoto ikamudutsa ankabisa nkhope, poganiza kuti muli wina wakutchalitchi.

Mayi anamukoka mkono pakhomo.

"Ukununkha chiyani?"

"Yisiti, amayi."

"Ndagwira yisiti iwe usanabadwe, sinandiyendetsepo chammbali. Tamvera. Ngati pali chimene wabisa, nena lero ndikadali wokuthandiza kupepesa. Bambo ako sali bwino. Usadikire kuti chinenedwe ndi tsoka."

"Palibe, amayi."

Kavuluvulu anatuluka msanga.

Tsoka silinachedwe. M'mawa wina, ufa uli kale m'makina, magetsi anangoti phethi. Anadikira. Sanayake. Bambo anayang'ana kumwamba, nayang'ana ufa, nayamba kupinda malaya.

"Abambo ake, dokotala ananena chiyani?" anatero mayi.

"Dokotala sadyetsa ana a sukulu. Tikalephera lero, mawa apeza wina."

Apa ndi pamene Kavuluvulu akanayankhula. Mawu anafika pakhosi: jenereta ili pachitunda, ndiloleni ndikaigwadire. Koma anawabweza. M'malo mwake analowetsa manja mu ufa, mutu ukugunda ndi mowa wa dzulo.

"Choka apo," anatero bambo. "Ukuusisita ngati ukuupepesa."

Bambo anakanda. Misempha ya m'khosi inatupa, thukuta likugwera m'maso. Anamaliza beseni loyamba, nayamba lachiwiri. Kenako dzanja lamanja linangoti lende. Anayang'ana dzanjalo modabwa, pakamwa patapotokera mbali imodzi, nagwa pansi pamodzi ndi beseni.

Mayi anakuwa. Mlongo wa Kavuluvulu anaimbira wa takisi, koma wa takisiyo anali kutali ndi tauni. Mu msewu wonsewo munalibe wa galimoto.

"Ndikubwera!" anatero Kavuluvulu.

Anapalasa chitunda chija ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Anataya yakapalasa pabala, nadumphira yamoto, naitsetsereketsa. Inalira. Mumtima anati, lero ndiye aona ubwino wake, lero indiombola. Anakhota kulowa mu msewu wawo, mchenga unagwira tayala, ndipo pageti penipeni injini inati thu, n'kukhala chete.

"Ya ndani imeneyi?" anafunsa mlongo wake.

"Yanga. Kwezani bambo!"

Anawanyamula, nawakhazika pampando wachikopa uja, nawamangirira kumsana kwake ndi nsalu ya patebulo. Anaponda kiki. Zii. Anapondanso. Zii. Anaponda mpaka mwendo kunjenjemera.

"Kankhani! Imafuna kukankha!"

Mayi ndi mlongo wake anagwira kumbuyo. Anakankha mumchenga, ufa uli m'manja, mpweya uli wefuwefu. Kavuluvulu anasiya kilatchi, tayala linangokhukhuluza mchenga. Anakankhanso. Mayi anapunthwa n'kugwa chogwada, nadzuka maondo akutuluka magazi, nagwiranso. Msewu unali wathyathyathya mpaka kumapeto kwake. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona mayi wachikulire akukankha njinga yokongola, thanki ili waliwali padzuwa.

Mutu wa bambo unali paphewa pake. Anamva milomo yawo ikuvutika pafupi ndi khutu.

"Je... jenereta?"

"Eya, bambo."

Kavuluvulu anangomva madzi ofunda akutsikira m'khosi mwake, ndipo sanali thukuta lake.

Amene anawathandiza anali kalipentala woyandikana nawo. Anatsitsa matabwa pa ngolo yake yokankha, nayalapo matiresi. Anagonekapo bambo, nathamanga nayo mpaka pamsewu waukulu, pomwe anaimitsa lole. Njinga inatsala itagona chammbali mumchenga, petulo akudontha.

Kuchipatala dokotala anawayeza, napukusa mutu.

"Moyo tiupulumutsa. Koma matenda awa safuna kuchedwa, ndipo inu mwachedwa. Munali kuti nthawi yonseyi?"

Mlongo wa Kavuluvulu anatembenuka kumuyang'ana mnyamatayo. Kukanakhala bwino akanamumenya.

Bambo anabwerera kunyumba mbali yakumanja itafa. Sukulu inapeza wophika wina. Ajekete atafunsidwa za jenereta anati, "Iti? Ine ndinagula kwa munthu wamkulu, wa ndevu zake." Njinga anaitenga ogula zitsulo zakutha, ndipo zimene anapereka zinathera pa mankhwala osakwana n'komwe. Makina okandira nawonso anagulitsidwa. Mayi anayamba kuchapa zovala za anthu.

Tsiku lina masana Kavuluvulu analowa m'chipinda, nagwada pafupi ndi bedi. Ananena zonse: thaulo, hamala, bokosi la buledi, mowa, ndi mawu amene anameza m'mawa uja ufa uli m'makina. Analira mpaka mamina.

"Bambo, ndimenyeni. Ndithamangitseni. Chitani chilichonse."

Bambo, ndi dzanja lamanzere, ananyamula lamanja lija, lakufalo, naliika pamutu pa mwana wawo.

"Nda... khulu... luka."

Dzanjalo linali lolemera ndi lozizira. Linakhala pamutupo kanthawi, kenako linatsetsereka lokha n'kugwera pabulangeti, ndipo anali mnyamatayo amene analitola n'kulibwezera pachifuwa pawo.

Inu achinyamata, tcherani khutu. Wokuuzani kuti za makolo anu ndi zanu kale, ameneyo akufuna kudya nanu n'kukusiyirani mbale. Musasirire chinthu mpaka kuba, ndipo ngati mwaba kale, nenani lero pamene pakamwa pangathe kukonza zinthu. Chimene mwachotsa m'nyumba mwanu mobisa chidzafunika tsiku limene simungathe kuchibweza. Mulungu amakhululuka, makolonso amakhululuka, koma chikhululukiro sichidzutsa dzanja lakufa.