Wina Watsala M'munda

Eunice anazindikira Lolemba usiku kuti kompyuta yake ikakakamira, bambo ake amayankhula.

Inde, amayankhula! A Namakhwa, kapitawo wakale wa othyola tiyi, anali atatha chaka ali chigonere, lilime litamangika ndi sitiroko. N'chifukwa chake Eunice anabwerera ku Goliati, ntchito n'kumagwirira pabalaza. Kampani yakunja inkamutumizira mapulani a tchipi, kachipangizo kaja kamakhala m'kati mwa foni, iye n'kumayesa ngati tinjira take tamagetsi tosawerengekato talumikizana bwino. Ntchito yotere mutu umodzi sungaithe. Purosesa, ubongo wa kompyuta yake, inali ndi timitu tambiri, ndipo pulogalamu inkatigawira ndime ngati anthu m'munda wa tiyi: tachangu tikamaliza tinkadikira kotsalira, kenako zonse n'kuphatikizidwa.

Usiku umenewo nkhungu inatsika mpaka pakhonde, agalu onse ali zii. Fani ya kompyuta inkangolira yokha mumdima, timitu tonse titamaliza kupatula kamodzi. Kuchipinda kunamveka mawu amphamvu, a munthu wabwinobwino:

"Wina watsala m'munda."

Eunice anapita pakhomo la chipindacho. Atasuzumira anapeza mkulu uja maso ali tong'o kudenga, akupuma motsatira fani. Ikakweza kulira chifuwa chinkakwera, ikatsitsa chinkatsika.

Mawa lake zomwezo. Mkuja wake anaitana mchimwene wake Dickson kuti adzadzimvere yekha.

"Achemwali, thimitsani chinthuchi," ananong'ona Dickson. "Kumalayini a antchito a kuesiteti akuti usiku m'tiyi mukumveka tswatswa, ngati gulu likuthyola popanda nyali."

"Ndithimitse? Bambo mukuwadziwa inu. Kapitawo saweruka wina akadali m'munda. Nanga onse akatuluka, bambowo atsalira chiyani?"

Dickson anatuluka chafutambuyo, chipewa n'kuchiiwala pampando.

Kuyambira pamenepo Eunice ankaopa chinthu chimodzi basi, kuti ntchito ingathe. Kamutu kotsalira kakayandikira kumapeto, iye n'kuponyamo mapulani ena, akale, otayidwa, alionse, bola wina atsale m'munda. Abwana akafunsa zotsatira ankanamizira netiweki. Achotsedwe ntchito, zake zimenezo! Usana ankawodzera choimirira, usiku n'kukhala maso pa sikirini, kumvetsera mapazi ofewa akuzungulira nyumba m'nkhungu muja.

Koma munthu ndi munthu. Loweruka tulo tinamuba.

Anadzidzimuka chifukwa cha bata. Pa sikirini timitu tonse tinali titakhala pansi, ntchito yonse itaphatikizidwa, popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Fani inkazirala pang'onopang'ono. Mayo ine! Zala zinkaterereka pamabatani, akufufuza chilichonse choti aponyemo, misozi ikuphimba zilembo.

"Bambo, dikirani! Ndime ina ilipo!"

Kuchipinda kunabwera mawu okoma, opepuka, amene sanawamvepo chiyambire matenda aja.

"Onse atuluka, mwanangu. Tiweruke."

Fani inaima.